Funsani Amalume: ku Nkhotakota tikaoneko chani?

Mwezi uno makalata ambiri amene afika pa foni yanga ndi a anthu ofuna kupita kunyanja, ndiye ndasankhapo anayi okhudza Nkhotakota chifukwa ndi kwawo kwa mayi anga, ndinakulirako pang'ono ndipo mpaka pano chaka sichitha osapondako. Ena amene munafunsa za Mangochi ndi Karonga dikirani mwezi wa mawa, sindinakuiwaleni.

*Amalume, ine ndine mphunzitsi wa sitandade 7 kuno ku Mchinji. Tikukonza ulendo wa ana asukulu teremu ikubwerayi, anzanga onse mu sitafu akuti tingopita ku Senga Bay ana akasambe basi, ine nditatchula za Nkhotakota anandiseka ati kumeneko kulibe kanthu, ndi mpunga ndi usipa basi. Zoona zimenezi? Ngati kuli mbiri yoti ana nkuphunzirapo tandiuzeni ndikawayankhe.* Mphunzitsi, Mchinji

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndipo musabwerere m'mbuyo, anzanuwo sakudziwa chomwe akunena. Sindikuwada ayi, anthu ambiri Nkhotakota amangoidziwira pa windo la basi, afika pa siteji agula mpunga ndi nsomba, basi yadzuka ulendo wa ku Dwangwa kapena Nkhata Bay, ndiye amaona ngati aona zonse. Koma tauni yeniyeni yakale siili pa nsewu wa M5 paja ayi, ili kumunsi kunyanja, mumakhota pa boma nkutsika, ndipo kumeneko ndi kumene kuli nkhani.

Zimene ana anu amawerenga m'buku za malonda a akapolo zija, zinachitikira pa mchenga umenewo. Cha m'ma 1840 kunabwera munthu wina wamalonda wa Chiswahili wochokera kugombe la nyanja yamchere, dzina lake Salim bin Abdullah, anthu ankangomutchula kuti Jumbe. Anapeza mafumu a Chichewa monga a Malengachanzi ali pamalo pawo, iye anapempha malo ngati mlendo wodzachita malonda, koma poti anali ndi mfuti ndi nsalu ndi mikanda mphamvu zake zinakula mpaka kuposa eni dziko. Anamanga linga, nchifukwa chake dera la pakati pa tauni paja mpaka lero limatchedwa Linga. Ankagula minyanga ya njovu ndi anthu. Anthu amenewa ankagwidwa kumtunda konse, ku Kasungu, ku Ntchisi, ngakhale kwanu ku Mchinji mpaka kutsidya ku Luangwa, nkumabwera nawo atawamanga magoli m'khosi, akafika pa Nkhotakota amawasunga mpaka achuluke kenako amawalonga m'zombo za matanga kuwolotsa nyanja kupita tsidya la kum'mawa, akafika uko ayambenso wapansi miyezi itatu kapena inayi mpaka ku Kilwa, ku Tanzania ya lero, atasenza minyanga pamutu. Olemba mbiri amati pamene malondawa anafika pachimake anthu okwana 20,000 pa chaka ankadutsa njira imeneyi. Aphunzitsi, auzeni ana awerenge anthu onse a pasukulu panu, kenako aone kuti sukulu zingati zingakwane mu 20,000, ndipamene nambala imeneyi imayamba kuwawa. Ndipo ambiri sankafika nkomwe ku Kilwa, wodwala kapena mwana wolephera kuyenda ankangosiyidwa panjira.

Chimene ndimafuna ana athu azimva bwinobwino ndi chakuti Jumbe sankalowa yekha m'midzi monse muja kukagwira anthu. Panali mafumu ndi anthu akuda anzathu amene ankagulitsa anzawo chifukwa cha nsalu ndi mfuti, wina wapalamula mlandu wochepa agulitsidwe, mudzi wina wagonja pa nkhondo onse agulitsidwe. Nkhani imeneyi ndi yowawa koma ndi yathu, tisamaibise ngati inachitika ndi alendo okhaokha.

David Livingstone anafika koyamba pa malowa mu 1861 akuyenda m'mbali mwa nyanja, anaona yekha mmene zinthu zinalili, ndiye anabweranso mu 1863 nakumana ndi Jumbe ndi mafumu pansi pa mtengo wa mkuyu kuwadandaulira kuti asiye kugulitsa anthu. Sanamumvere, malonda anapitirira zaka zina pafupifupi makumi atatu. Mkuyu umene anthu amautchula kuti mtengo wa Livingstone ulipo mpaka pano mkati mwa mishoni ya Anglican pa chipatala cha St Anne's, chimtengo chachikulu choti ana khumi atagwirana manja kuchizungulira angavutike, mizu yake yatuluka pamtunda ngati mabenchi ndipo masana mupeza odikirira odwala atakhala pamenepo ndi mabasiketi awo a nsima, ena akugona pa chitenje. Ine ndili mwana ndinkangouona ngati mthunzi wabwino basi, agogo anga ndi amene anandikhazika pansi tsiku lina titapita kukaona wodwala nkundiuza kuti agogo awo aakazi anapulumuka goli chifukwa anathawira m'bango usiku nakhalamo masiku awiri madzi ali m'chiuno. Kuyambira tsiku limenelo ndikafika pamtengo paja sinditha kuyankhula mokweza.

Ma Jumbe analipo anayi otsatizana. Wachitatu, Tawakali Sudi, ndi amene anasainirana pangano ndi nthumwi ya boma la Britain, Harry Johnston, mu 1889 kuvomera kukhala pansi pa chitetezo cha Britain, anamwalira mu 1894, ndipo amene analowa m'malo mwake sanakhalitse, azungu anamuchotsa nkumutumiza ku Zanzibar, ufumu wa ma Jumbe unathera pomwepo. Kumunsi kunyanja kuja mukafunsa akuluakulu akuonetsani pamene panali mzikiti wakale ndi manda a ma Jumbe. Pitani mwaulemu, yambani mwaonana ndi amfumu kapena ashehe, musangotulukira ndi ana 60 ndi mafoni m'manja. Ndipo apa ndinene chinthu chimodzi mosabisa, Chisilamu chinafika ku Nkhotakota nthawi imeneyo inde, koma Asilamu a lero a kumeneko ndi abale athu, ambiri mwa iwo makolo awo ndi omwewo amene anavutika ndi ukapolo, ndiye mwana asachoke kumeneko ndi maganizo oloza chala mnzake wa chipembedzo china. Kwathu kuja banja limodzi mupeza wina wa ku mzikiti wina wa ku Anglican, maliro amalira limodzi, Eid amadyera limodzi, Khirisimasi chimodzimodzi. Mpunga umene anzanu akuunyozawo nawonso ndi mbiri, unafala nthawi ya ma Jumbe yomweyo pamodzi ndi mitengo ya kokonati ndi mango akuluakulu aja.

Pafupi pomwepo pali tchalitchi cha All Saints. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa Nkhotakota mu 1894, ndipo m'tchalitchi chimenechi ndi mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu September 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo cha ku Salima, ali pa ulendo wopita ku Likoma atangodzozedwa kumene ubishopu ku London chaka chomwecho. Sitima yakale ija yotchedwa Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1901, dzina lake linachokera kwa iyeyu. Pemphani abambo a pa parishi kapena akuluampingo akutsegulireni, ndi anthu omasuka.

Ndiye pali mbiri ina ya posachedwa imene ana a sitandade 7 amalemba pa mayeso. Kamuzu atatuluka kundende ya Gweru pa 1 April 1960, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unachitikira kumeneku kumapeto kwa September chaka chomwecho, nthawi imeneyo azungu ankalemba kuti Kota Kota. Anthu anachokera zigawo zonse, akaidi a ndale omaliza monga a Henry Chipembere ndi a Dunduzu Chisiza anali atangotulutsidwa kumene ndipo anaonekera pamsonkhano umenewu, komanso ndi pomwepa pamene Kamuzu anapatsidwa upulezidenti wa chipani wa moyo wake wonse. Ndiye onani, pamalo amodzi omwewo mwana aona pamene anthu ankagulitsidwa, pamene ufulu unkakonzedwa, ndi pamene mbewu ya ulamuliro wa munthu mmodzi inadzalidwa, zonse mtunda woyenda wapansi. Ku Senga Bay kuli mchenga wabwino sindikukana, koma izi kulibe.

Kuchokera ku Mchinji mutha kudzera ku Kasungu nkutenga nsewu wa M18 umene umadutsa mkati mwa nkhalango ya nyama, ana aoneretu anyani ndipo mwamwayi njovu, kapena kudzera ku Lilongwe ndi Salima. Nyamukani mbandakucha. Ndipo kusamba asambabe, nyanja ili pomwepo, koma werengani kaye zomwe ndawayankha mayi a ku Area 25 m'munsimu.

*Amalume ndili ku Joni chaka cha 9 tsopano, December ndikubwera ndi madamu ndi ana awiri, iwowo sanafikeko ku Malawi. Ana akufuna kuona njovu, mnzanga wina akuti ku Nkhotakota anabweretsako njovu pa malole, ine ndikuona ngati akundinamiza, njovu ingakwere lole?* Wanu, Johannesburg

Achimwene, mnzanuyo sanakunamizeni, njovu zinakweradi malole. Nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve ndi yaikulu pafupifupi ma sikweya kilomita 1,800, ndipo kale munali njovu zoposa 1,500 koma opha nyama mozemba anazitha mpaka zinatsala zosakwana 100, munthu unkatha kuyendamo tsiku lonse osaona olo ndowe. Mu 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi, anayamba ndi kumanga mpanda wa magetsi ndi kuchotsa misampha ya waya, kenako mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kumene zinachulukana. Amazibaya mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, banja lonse nthawi imodzi kuti mwana asasiyane ndi make, kenako kireni imazinyamula miyendo m'mwamba nkuziika m'zimabokosi zachitsulo, kuzidzutsa, ulendo pa nsewu usiku wonse. Prince Harry wa ku Britain anabwera kudzathandiza nawo ntchitoyi mu 2016. Anabweretsanso nyama zina zambiri monga njati, mphalapala ndi ngoma.

Koma ndikuuzeni zoona kuti ana asakakhumudwe. Ngati munawatengerako ku nkhalango ya Kruger ku South Africa konko, kuno ndi kosiyana, iyi ndi nkhalango yowirira ya mitengo ya miombo ndi mapiri, ndipo December mvula imakhala itayamba, masamba ali gwa, madzi ali paliponse ndiye njovu sizikhala ndi chifukwa chobwera kumtsinje, mutha kuzimva zikuthyola nthambi chapafupi osaziona. Nthawi yabwino yoonera nyama ndi chilimwe, August mpaka October, pamene zonse zimatsikira ku mtsinje wa Bua kukamwa. Ngati December yo ndi yokhayo imene mwapeza holide, pitanibe koma mugone konko usiku umodzi kapena awiri, kuli malo ogona monga Bua River Lodge ndi Tongole, ndipo muyende ndi alonda a nkhalango m'mawa kwambiri, iwo amadziwa kumene zagona. Bukani msanga pa foni musanachoke ku Joni, ndipo funsani ngati nsewu wolowera uli bwino chifukwa ndi wafumbi, kagalimoto kotsika kamavutika mvula ikagwa.

Ine chimene ndimakondera nkhalango imeneyi si njovu zokha ayi, ndi mtsinje wa Bua. Nsomba ija ya mpasa imachoka m'nyanja kukwera mtsinje umenewu kukaswana, ndipo mitsinje yambiri imene mpasa unkakwera kale inaonongeka ndi matope chifukwa chodula mitengo, Bua ndi umodzi mwa yochepa imene yatsala chifukwa mbali yake ikudutsa m'nkhalango yotetezedwa. Mukaima pamwamba pa mathanthwe nkumaona madzi akutsika, nkhwazi ikulira, kutali uko phiri la Chipata lili bii ndi mitengo, mudzamva kukoma kobwera kwanu. Musayandikire madzi ndi ana, muli ng'ona zazikulu.

Komanso mukamacheza ndi anthu a m'midzi yozungulira mudzamva kuti si onse amene amaziona njovu ngati dalitso, ikathyola mpanda usiku umodzi munda wa chinangwa watha, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Muwamvetsere, akunena zoona zawo.

*Amalume, ine ndi amuna anga tikufuna tikapumeko wikendi imodzi kunyanja koma bajeti ndi yochepa, ana atatu. Ku Nkhotakota nkotheka? Nanga madzi ake ndi abwino kusamba, poti ndimamva za likodzo?* Mayi a ku Area 25, Lilongwe

Mayi, nkotheka ndithu, ndipo ndi kotchipirako kuyerekeza ndi ku Mangochi kapena Cape Maclear chifukwa sikudzadza alendo. Kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ma minibasi ndi ma Sienta amapezeka tsiku lonse, kungoti nsewu wa M5 malo ena ndi wopapatiza ndiye yendani masana. Pa boma pali ma resitihausi otsika mtengo, ndipo kum'mwera kwa tauni m'mbali mwa nyanja kuli ma loji angapo, ena amalola kumanga tenti kapena kungolipira yolowera nkukhala pa mchenga tsiku lonse. Ku Nkhotakota Pottery ana atha kuona mmene amaumbira makapu ndi mbale, amasangalala nazo kwambiri. Imbani kaye musananyamuke chifukwa madzi a nyanja anakwera kwambiri mu 2024 ndipo malo ena mchenga unamizidwa.

Za likodzo musazitenge mopepuka. Tizilombo take timakhala mu nkhono zimene zimakonda madzi odekha, a bango ndi udzu, pafupi ndi pamene anthu amachapa ndi kusamba. Ndiye sankhani pa mchenga poyera pamene mafunde akumenya, pewani m'madambo ndi pamathiriro a mitsinje, kumenekonso ndi kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo madzulo dzuwa likamalowa ana atuluke m'madzi. Funsani eni malo kuti posamba pabwino ndi pati, amadziwa. Mukabwerera ku Lilongwe pakatha miyezi iwiri pitani kuchipatala mukayezetse, mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mwana akayamba kukodza magazi musadikire. Neti ya udzudzu musaiwale, malungo kunyanja ndi enieni. Miyezi ya June ndi July kumawomba mwera, mafunde amakula ngati nyumba, nthawi imeneyo mwana asakwere bwato olo asodzi akuuzeni kuti palibe vuto.

Popita muime pa mlatho wa Chia, musanafike pa boma. Pamenepo ndi pamene thamanda lalikulu la Chia limalumikizana ndi nyanja, ndipo galimoto ikangoima anyamata amathamanga ndi nsomba zomanga pa luzi, chambo, kampango, mlamba, zina zikuphiriphitha, aliyense akukuwa kuti mayi tengani izi za lero lomwe. Yang'anani m'makha mwake, mukakhala mofiira bwino ndipo maso ali owala ndiye kuti ndi yatsopano, nenererani mtengo mwaulemu, ndipo pobwerera mukagula ya kunyumba adzakumangirirani pa galasi la galimoto kuti izipitidwa mphepo. Tiana ta chambo tating'onoting'ono musagule chonde, tikamagula ife ndi pamene asodzi amapitiriza kukokera neti ya udzudzu m'madzi, mawa lake chambo chidzasowa. Mukafika mudye nsima ya kondowole ndi nsomba yowotcha kamodzi kokha, kondowole amameza osatafuna, ana adzaseka koma adzaizolowera. Pafupi ndi tauni palinso akasupe a madzi otentha a Mawira, madzi amatuluka pansi ali otentha okha popanda moto, a kabaza akufikitsani, anthu amasamba ndi kuchapa konko.

Mukadzuka m'mawa nkuona ngati utsi wakuda ukufuka pakati pa nyanja musaganize kuti sitima ikupsa, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi mamiliyoni, mphepo ikatibweretsa kumtunda amayi amatikola ndi lichero lonyowa nkuumba timikate ta ndiwo.

*Amalume, Ilala imaimabe pa Nkhotakota? Ndikufuna ndikakwerere pamenepo kupita ku Likoma.* Mnyamata wa ku Kasungu

Mphwanga, Nkhotakota ndi limodzi mwa madoko akale a Ilala, sitima ija inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951, koma ndondomeko yake imasinthasintha, nthawi zina imadumpha madoko ena kapena imakhala ili ku Monkey Bay kokonzedwa, ndiye usanyamuke ku Kasungu usanaimbe ku ofesi ya sitima sabata yomweyo. Ikaima pa Nkhotakota siifika kumtunda chifukwa madzi ndi osaya, imaima patali ndipo anthu amakatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono, ukwera ukuvuula m'madzi mpaka m'mawondo nthawi zina usiku, ndiye vala kabudula ndi masilipasi, foni ndi ndalama uzimange mu jumbo. Ukamva kuti sabata imeneyo siima, kwera basi upite ku Nkhata Bay, kumeneko ndi kumene maboti a ku Likoma ndi Chizumulu amapezeka kawirikawiri.